Nyumba za Lendi ku Biwi: Chuma Chofuna Munthu Wodekha

Pakati pa anthu ogwira ntchito ya pamwezi m'mizinda ya dziko lino pali chikhulupiriro chakuti munthu wofuna kudzagona tulo tabwino paukalamba wake amange nyumba zochititsa lendi. Mphunzitsi amene watsala zaka zoŵerengeka kuti apume pa ntchito amayamba kufunsa-funsa za mitengo ya maploti. Mnyamata amene wangomaliza kumene Fomu 4 amaona mwininyumba akuyenda khomo ndi khomo pakutha pa mwezi, kope liri m'manja, nayesa kuti palibe ntchito yofeŵa yoposa imeneyo. Chikhulupirirochi si chabodza ayi, koma chimabisa zambiri. Alipo anthu amene aphunzitsa ana awo mpaka ku yunivesite ndi ndalama za lendi. Aliponso ena amene adathira penshoni yawo yonse pa ploti imene mlandu wake sukutha ku khoti, eni akewo akali kukhala m'nyumba ya munthu wina. Kaŵiri-kaŵiri kusiyana kwa anthu otereŵa kumachitika njerwa yoyamba isanaikidwe, pakuti wina adayamba wafufuza mapepala ndi kuŵerengera bwino ndalama, pamene mnzakeyo adangothamangira. Nkhani ino ikulongosola zimenezi potengera chitsanzo cha dera la Biwi mu mzinda wa Lilongwe.

Chifukwa chake nyumba sizikwanira

Mu 1966, pamene boma lidaŵerenga anthu koyamba dziko lino litalandira ufulu wodzilamulira, m'tauni ya Lilongwe mudapezeka anthu 19,425 okha. Mu 1968 padakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange likulu latsopano, ndipo mu 1975 likulu la dziko lidasamuka kuchoka ku Zomba. Pofika 1977 anthu mu mzindawu adali atakwana 98,718, mu 1987 adafika 223,318, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318. Ndiye kuti m'zaka 52 zokha chiŵerengero chidaŵirikiza kasanu kuchulukitsa ndi khumi. Palibe boma kapena bungwe limene likadatha kumangira nyumba khamu lonseli. Ambiri mwa anthu ameneŵa adapeza pogona m'nyumba zomangidwa ndi anzawo wamba, ndipo mpaka lero ndi mmene zinthu ziliri.

Biwi, amene pa mapu a mzinda ali m'gawo la Area 8 limodzi ndi Mchesi, ndi amodzi mwa malo akale okhalako anthu opeza pang'ono. Pamodzi ndi Kawale, Area 23 ndi Area 25, derali liri m'gulu la malo amene m'mabuku a boma amatchedwa Traditional Housing Areas. Cholinga cha malo otere chidali chakuti boma liyeze maploti ndi kulambula miseu, ndipo wolandira ploti adzimangire yekha nyumba molingana ndi mphamvu zake, ngakhale ya zidina. Kwa zaka zambiri maloŵa ankayang'aniridwa ndi Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964, koma mu 1992 adaperekedwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda. Ganizo loyamba lidali lakuti ploti imodzi ikhale ya banja limodzi. Anthu atachuluka, eni maploti adayamba kumanga midadada kuseri kwa nyumba zawo, kotero kuti lero nzosadabwitsa kupeza mabanja asanu kapena kuposerapo akugwiritsa ntchito mpopi umodzi ndi bafa limodzi.

Chimene chimakokera anthu ku Biwi ndi kufupika kwake. Derali liri m'mbali mwa mseu waukulu wa M1 wopita ku Dedza ndi ku Blantyre, pafupi ndi magalaja ndi mashopu a ku Biwi Triangle, ndipo munthu wamphamvu zake amatha kuyenda pansi kukafika ku msika waukulu ndi ku depoti ya mabasi. Wokhala pa lendi ku Biwi amapulumutsa ndalama ya minibasi, ndipo nchifukwa chake khomo labwino kumeneko silikhalitsa lopanda munthu. Komabe kuchuluka kwa ofuna nyumba pakokha sikutsimikiza kuti womanga apeza phindu.

Mapepala patsogolo, njerwa pambuyo

Akulu-akulu adati safunsa adadya phula. Funso loyamba la munthu wogula malo likhale lakuti: kodi nthaka imeneyi mwini wake weniweni ndani, ndipo dzina la wogulitsayu lidalembedwa m'buku liti? Mu mzinda wa Lilongwe malo ambiri ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, khonsolo ya mzinda, kapena Malawi Housing Corporation, ndipo chimene munthu wamba amagula ndi ufulu wokhala pamalopo, kaŵiri-kaŵiri mwa lizi ya zaka 99. Pa maploti a ku Biwi ndi malo ena onga amenewo, buku loyamba kuliona ndi la ku khonsolo. Wogula apite yekha ku ofesi ndi nambala ya ploti, akaone dzina lolembedwa kumeneko, afunsenso ngati pali ngongole ya msonkho wa malo ndi wa mzinda. Ngati ploti iri ndi chikalata cha umwini, apemphe kuti afufuze m'kaundula wa malo, pakuti m'menemo ndi mmene mumaoneka ngati nyumba idaperekedwa chikole ku banki, kapena ngati wina adaikapo chiletso. Ndalama yolipira pa kufufuzaku ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa nyumba.

Pali msampha umodzi umene umapezeka kwambiri m'malo akale. Maploti ambiri adagaŵidwa zaka makumi angapo zapitazo, ndipo ena mwa amene adalandira adamwalira kale dzina lawo likali m'buku. Wogulitsa amakhala mwana mmodzi mwa ana asanu ndi mmodzi, kapena mphwake wa malemu, amene akufuna ndalama mwamsanga abale ake asanamve. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Munthu sangagulitse nyumba ya womwalira popanda chilolezo cha khoti chomupatsa udindo woyendetsa chumacho. Wogula amene wanyozera zimenezi angamange mdadada wake mpaka kukhoma malata, kenaka nkulandira kalata ya loya kuchokera kwa mwana wina wa malemu amene adali ku Johannesburg. Motero nkwanzeru kupempha kuona chilolezocho ndi maso, ndiponso kukumana ndi onse oyenera kulandirako chuma, kuti asayine pamaso pa mboni.

Ku Chinsapo ndi kwa Mgona nkhani ndi yosiyanako. Malo ameneŵa adakula opanda pulani ya boma, ndipo kugula kumadzera kwa eni malo ndi mafumu a kumaloko. Mitengo imakhala yotsikirapo, ndipo anthu zikwi-zikwi akhala mwa njira imeneyi zaka zambiri popanda wowasokoneza. Koma wogula adziŵe kuti lamulo la mafumu siliŵapatsa ulamuliro mkati mwa mzinda popanda chilolezo cha khonsolo. Kalata ya mfumu imathandiza posonyeza kuti anthu a m'deralo akudziŵa za malondawo, koma banki siiŵerengera ngati chikole, ndipo siingaimitse mseu kapena nthambo za magetsi ngati pulani ya mzinda idadutsitsa pomwepo. Kutsika kwa mtengo kumene wogula akukondwera nako ndiwo malipiro a chiopsezo chimene akusenza.

Za anthu apakati, amene m'tauni amatchedwa madobadoba, payeneranso kusamala. Ena amathandizadi kupeza nyumba msanga, koma malipiro awo amabwera pokhapokha malonda atatheka, choncho sangakhale iwo oulula chilema cha malowo. Mawu akuti pali wina amene akubwera ndi ndalama maŵa m'maŵa ndi nyambo yakale. Ndalama ziperekedwe kwa mwini wake yekha, kudzera ku banki, pangano litalembedwa, ndipo gawo lomaliza lisungidwe kufikira dzina litasinthidwa m'buku. Malire nawonso aonedwe pamodzi ndi anthu oyandikana nawo, pakuti mikangano yambiri ya m'maploti imayamba ndi mpanda umene udasuntha phazi limodzi.

Ploti ionedwe nthaŵi ya mvula

M'mwezi wa Seputembala ploti iriyonse imaoneka youma ndi yokongola. Woifuna aiyendere mu Januwale kapena mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse. Pamenepo adzaona kumene madzi a mumseu amathamangira, ngati ngalande ziripo, ndiponso ngati makoma a nyumba zoyandikana ali ndi mzere wa chinyontho m'munsi. Mu 2017 ndi mu 2019 madzi osefukira adaononga nyumba ndi katundu m'madera angapo a chigawo chino cha mzinda, monga Kaliyeka, Chipasula, Mchesi ndi Biwi, ndipo ovutika kwambiri adali omanga m'mphepete mwa timitsinje. Ploti ya m'khwaŵa imatchipa pogula, koma imadya ndalama pa maziko, ndipo okhalamo amathaŵa dzinja lirilonse.

Chimbudzi ndi chinthu china chimene omanga ambiri amachikumbukira pomalizira. Pa ploti yodzaza ndi midadada sipatsala malo okumba dzenje lachiŵiri loyamba likadzaza. Nkofunika kumanga dzenje loŵaka ndi njerwa lotheka kupopa, ndi kusiya mpata woti galimoto kapena paipi yopopera ifikepo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023, udaonetsa poyera kuopsa kwa malo othinana opanda ukhondo. Mwininyumba wowonjezera makomo osawonjezera zimbudzi akuika moyo wa ana a anthu pachiswe, ndipo ana ake omwe amaseŵera pabwalo lomwelo. Pulani ya nyumba iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo ntchito isanayambe, monga likunenera lamulo la mapulani a malo la 2016, pakuti chomangidwa popanda chilolezo chingathe kugwetsedwa popanda chipukuta misozi.

Masamu a lendi

Aphunzitsi amadziŵa kuti wophunzira amene walemba yankho osaonetsa njira sapatsidwa malikisi onse. Chimodzimodzinso ndi nyumba. Manambala otsatiraŵa ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa kaŵerengedwe kake, ndipo woŵerenga aikemo mitengo ya tsiku limene akuŵerengalo.

Munthu wagula ploti namangapo mdadada wa makomo anayi, zonse pamodzi zamudyera K30,000,000. Khomo lirilonse likulipira K60,000 pamwezi. Pa chaka, makomo anayiwo ayenera kubweretsa K2,880,000, ndipo ambiri amalekera pomwepa kuŵerengera. Koma khomo lirilonse lingakhale mwezi umodzi pa chaka lopanda munthu kapena losalipira, ndiye kuti K240,000 yachoka. Kukonza zoonongeka monga maloko, mipopi, magalasi ndi penti kungatenge gawo limodzi mwa magawo khumi a lendi, ndiyo K288,000. Misonkho ya malo ndi kupopa chimbudzi zingatenge K150,000. Zotsala ndi K2,202,000, ndipo pamenepa bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority lisanatengepo gawo lake, pakuti lendi nayo imaŵerengedwa ngati ndalama yopeza. Ndiye kuti pa K100 iriyonse imene adaika, munthuyo akupeza K7 ndi matambala ochepa pa chaka, ndipo padzapita zaka pafupifupi 14 kuti abweze mpamba wake.

Tsono ayerekeze kuti K30,000,000 imeneyo adakongola ku banki. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki ena amawonjezera pamwamba pake akamakongoza munthu wamba. Ngongole ya 30 peresenti ikadafuna K9,000,000 pa chaka ya chiwongoladzanja chokha, kuŵirikiza kanayi zimene nyumbayo ikubweretsa. Apa phunziro ndi loonekeratu: pa chiwongoladzanja chotere nyumba ya lendi ya ku Biwi singadzilipirire yokha ngongole. Wokongola amathira malipiro ake onse m'dzenje, ndipo akalephera, banki imagulitsa nyumba imene idaperekedwa chikole. Za katapila ndiye nzosayenera nkomwe kuziganizira.

Nanga ubwino wa nyumba uli pati? Uli pa kusunga chuma. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene adasunga ndalama zake m'buku la ku banki adadzuka ali wosauka kuposa dzulo lake, pamene amene adali atagula kale malata ndi kumanga khoma adaona katundu wake akukwera mtengo limodzi ndi zinthu zina. Komabe lendi siikwera msanga monga simenti, chifukwa malipiro a okhala m'nyumbazo nawo amakwera mochedwa. Nyumba imateteza mpamba, koma imabala pang'ono-pang'ono, ndipo woiloŵa aloŵe akudziŵa zimenezo.

Kumanga khomo limodzi-limodzi

Njira imene yathandiza anthu ambiri a malipiro ochepa ndiyo yomanga m'zigawo. Munthu amayala maziko a mdadada wonse nthaŵi imodzi kuti ukhale wolimba ndi woongoka, kenaka amamaliza khomo limodzi mpaka chitseko ndi loko, naikamo munthu. Lendi ya khomo loyambalo, pamodzi ndi zimene akusunga pamwezi, imamanga khomo lachiŵiri. Cholakwa chofala ndicho kukweza makoma onse anayi mpaka pa lintala ndalama nkuthera pomwepo, mvula nkumakokolola matope zaka zitatu popanda tambala yoloŵa.

Kwa aphunzitsi, mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama monga Mphunzitsi SACCO amathandiza pa ngongole zazing'ono zomalizira denga kapena kukoka madzi, zimene malipiro a pamwezi angathe kubweza popanda kusautsa banja. Chipereganyu ndi banki m'khonde nazonso zagulira anthu malata ambiri. Pogula zipangizo pafunika kusiyanitsa zosungika ndi zosasungika. Malata, mafelemu a zitseko ndi a mazenera, misomali ndi zitsulo zingagulidwe pang'ono-pang'ono ndi kusungidwa pouma, koma simenti imauma m'thumba pakangopita miyezi yochepa, choncho igulidwe ntchito itayandikira. Mu 2018 boma lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo kuyambira pamenepo mabuloko a simenti afala mu mzinda. Womanga ayerekeze mtengo wa khoma lonse, osati wa njerwa imodzi, pakuti buloko imodzi imatenga malo a njerwa zingapo ndipo imafuna matope ochepa.

Mmisiri apatsidwe ntchito mwa pangano lolemba, lonena ntchito yake, mtengo wake ndi tsiku lomaliza. Alipidwe gawo lirilonse likatha: maziko, khoma, denga, pulasitala. Amene walipira zonse patsogolo amatsala akuthamangitsa mmisiri amene wayamba kale ntchito kwina.

Kugula, kukonza ndi kugulitsa

Pali malonda ena amene akopa achinyamata masiku ano, ogula nyumba yakutha, kuikonza ndi kuigulitsanso pamtengo wokwera. Ku Biwi ndi ku Kawale nyumba zakale zotere ziripo, ndipo chimene chiri ndi mtengo kweni-kweni pamenepo ndi ploti ndi kufupika kwake. Malondaŵa ndi otheka, koma masamu ake ndi onyenga. Chitsanzo china chongoyerekeza ndi ichi. Munthu wagula nyumba pa K20,000,000, waikonza ndi K6,000,000, ndipo loya, msonkho wa pa zikalata, kusintha dzina ndi mlonda zamudyera K1,500,000. Zonse pamodzi ndi K27,500,000. Patapita miyezi isanu ndi itatu waigulitsa pa K32,000,000, nakondwera kuti wapindula K4,500,000. Koma mu chaka ngati 2024, pamene mitengo ya zinthu idakwera ndi maperesenti oposa 30, ndalama yakeyo ikadafunika kufika pafupifupi K33,000,000 kuti igule zomwe ikadagula pa tsiku loyamba. Munthuyo wagwira ntchito miyezi isanu ndi itatu, ndipo watuluka ndi zochepa kuposa zimene adaloŵa nazo.

Motero phindu la malonda otere limapezeka pogula. Nyumba yoyenera kugula ndi imene yatchipa chifukwa cha zilema zotheka kukonza, monga denga lodontha, pansi pokumbika ndi makoma akuda. Nyumba imene yatchipa chifukwa cha mkangano wa pachibale, maziko osweka kapena madzi a m'khwaŵa, penti singaichiritse. Pokonza, ndalama ziloŵe pa zinthu zimene wogula wa m'deralo angalipire: denga losadontha, madzi, magetsi, chimbudzi chabwino ndi mpanda. Kuika matayilosi odula ndi siling'i yokongoletsa m'nyumba yozunguliridwa ndi midadada sikukweza mtengo molingana ndi ndalama zoloŵetsedwazo, pakuti munthu wofuna zotere akukafuna nyumba ku Area 47. Kubisa mng'alu wa khoma ndi pulasitala pofuna kupusitsa wogula ndi chinyengo chimene chingathere ku khoti, ndipo m'dera limene anthu amadziŵana mbiri yoipa imayenda msanga kuposa wogulitsayo. Pomaliza, wogulitsa akumbukire kuti ogula ambiri m'malo otere amalipira ndalama za m'thumba mwawo, ndipo munthu wokhala ndi mamiliyoni okonzeka sapezeka sabata iriyonse.

Mwininyumba ndi okhala pa lendi

Walira mvula walira matope. Wofuna lendi wafunanso kukhala ndi anthu a mitima yosiyana-siyana pakhomo pake. Mikangano yambiri imatha isanayambe ngati pali pangano lolemba, ngakhale la tsamba limodzi m'Chicheŵa, lonena ndalama ya pamwezi, tsiku lolipira, ndalama ya chikole ndi mmene idzabwezedwere, wokonza zoonongeka, ndiponso nthaŵi yodziŵitsana wina akafuna kuchoka kapena kukweza lendi. Pa lendi ya pamwezi, chidziŵitso chisachepere mwezi wathunthu. Aliyense wolipira alandire lisiti, ndipo mwininyumba asunge kope lolembamo zoloŵa ndi zotuluka, kuti ndalama ya nyumba isasakanikirane ndi ya ndiwo.

Madzi ndi magetsi ndiwo magwero a ndeu zambiri za m'midadada. Pamene mabanja anayi ali pa mita imodzi, wophika nyemba pa mbaula ya magetsi amakangana ndi woyatsa babu limodzi. Kuika mita ya ESCOM yogulira mayunitsi pa khomo lirilonse kumadya ndalama poyamba, koma kumabweretsa mtendere wa zaka zambiri. Pa madzi a Lilongwe Water Board, ngati mpopi uli umodzi, bilu ionetsedwe kwa onse ndipo kagaŵidwe kake kagwirizanidwe poyera.

Wina akalephera kulipira, mwininyumba ayambe wakhala naye pansi. Munthu amene walipira mokhulupirika zaka zitatu nadwala mwezi umodzi ndi wamtengo wapatali kuposa mlendo wosadziŵika amene walonjeza kuwonjezera K5,000. Zikakanika, njira yake ndi kalata ya chidziŵitso, kenaka bwalo la milandu. Mchitidwe wozula chitseko, kusasula malata kapena kutaya katundu wa munthu panja ndi kuphwanya lamulo, ndipo mwininyumba wotere angapezeke akulipira chipukuta misozi choposa lendi imene ankalondola. Pokweza lendi nkwabwino kukweza pang'ono chaka ndi chaka, kusiyana ndi kukhala chete zaka zinayi kenaka nkuŵirikiza kaŵiri tsiku limodzi.

Kwa amene alibe mpamba

Wachinyamata amene wangochoka pa sukulu angaone ngati nkhani yonseyi ndi ya anthu a ndalama. Koma nyumba iriyonse ya ku Biwi imafuna woŵaka, kalipentala, wokonza mipopi, wa magetsi ndi wowotcherera zitsulo, ndipo mmisiri wokhulupirika amasoŵa kuposa ploti. Maphunziro a ntchito zimenezi amapezeka ku Lilongwe Technical College ndi m'masukulu ena oyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA. Mmisiri amene akudzimangira yekha amapulumutsa gawo lalikulu la mtengo wa nyumba, ndipo poyenda m'maploti a anthu amamva msanga za malo ogulitsa. Amene adakhoza bwino mayeso angaphunzire za kayendetsedwe ka malo ndi kaŵerengedwe ka mitengo ya nyumba ku Malawi University of Business and Applied Sciences kapena ku Mzuzu University. Ngakhale amene ali pakhomo pa makolo angayambe lero, potenga kope la lendi, kulemba malisiti, ndi kupita ku khonsolo kukaona ngati ploti ya banja iri m'dzina loyenera ndiponso ngati misonkho yake idalipidwa. Ntchito yaing'onoyo ingapulumutse chuma cha banja lonse.

Nyumba ikatha

Chotsala ndi chimene ambiri amachiopa kuchitchula. Nyumba imakhala nthaŵi yaitali kuposa woimanga. Mphunzitsi amene wadzimana zaka makumi aŵiri kuti amange mdadada alembe wilo, atchule amene adzayendetse chumacho, ndipo aonetse mkazi kapena mwamuna wake pamene pali mapepala. Ngati nyumba yamangidwa ndi thukuta la anthu aŵiri, maina onse aŵiri alembedwe pa chikalata. Kulemba wilo sikuitana imfa ayi. Maploti ambiri amene akugulitsidwa motchipa ndi mwachinsinsi lero ndi a anthu amene adamanga bwino koma sadasiye mawu, ndipo ana awo, m'malo mogaŵana lendi mwezi ndi mwezi, adagaŵana chidani.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Wofuna nyumba ya lendi ku Biwi ayambire ku ofesi ya khonsolo, ayendere ploti mvula ikugwa, aŵerengere zotuluka asanaŵerengere zoloŵa, ndipo amange khomo limodzi limene angathe kulimaliza. Akatero sadzalemera chaka chimodzi, koma pa tsiku lopuma ntchito adzakhala ndi pogona pake, ndiponso kandalama ka mwezi ndi mwezi kamene palibe adzabwere kudzamulanda.